Anatikonzera Odoo kuti igwirizane ndi hadiweya yathu ya ku Limbe: ndemanga yanga

Anzanga angapo a masitolo kuno ku Limbe akhala akundifunsa za kampani imene inatikonzera Odoo, pulogalamu yoyendetsera bizinesi, koma pakauntala nkhani sitiimaliza chifukwa kasitomala amakhala waima kale. Ndiye ndati ndilembe zonse pano, zabwino ndi zondidandaulitsa zomwe. Dzina la kampaniyo sinditchula, kuti ndinene madandaulo anga momasuka popanda kuwaonongera msika ana a eni. Ndi kagulu ka achinyamata ochepa, ofesi yawo ndi kachipinda kamodzi cha ku Ginnery Corner, ndipo amene anatsogolera ntchito yathu ndi mtsikana amene anaphunzira za makompyuta ku Poly, yomwe pano ikutchedwa MUBAS. Ntchito yawo ndi yabwino, m'bale wanga ndingamutumize kumeneko mtima uli m'malo. Koma zilipo zina zoti mumange bwinobwino mumgwirizano musanapereke ngakhale tambala.

Sitolo yathu anayambitsa ndi bambo anga. Timagulitsa simenti, malata, zitsulo, misomali, penti, mapaipi, waya wamagetsi, maloko, mawilibala ndi tina tambirimbiri tomangira nyumba. Sitolo yaikulu ili ku Limbe, nthambi ina ili ku Lunzu komwe amayang'anira ndi alamu anga, ndipo ine ndimaona za mabuku ndi misonkho. Kale maakaunti ankakhala mu pulogalamu ya Pastel pa kompyuta imodzi ya muofesi, katundu ankalembedwa mu Excel, ngongole zinkakhala m'buku lachikuto cholimba, ndipo pakauntala panali makina a EFD otulutsira malisiti a MRA. Chilichonse mwa izi pachokha chinkagwira ntchito yake. Vuto linali lakuti sizinkadziwana. Thumba limodzi la simenti likagulidwa linkalembedwa malo atatu ndi anthu atatu, ndipo pakutha pa mwezi ndinkakhala mpaka usiku kuyesa kugwirizanitsa manambala.

Achinyamata a kampani ija anatilangiza kuti titenge Odoo. Ndi pulogalamu yochokera ku Belgium, inayamba mu 2005, ndipo ili mitundu iwiri: Community yomwe ndi yaulere ndipo aliyense wodziwa angathe kuisintha, ndi Enterprise yomwe mumalipira malinga ndi kuchuluka kwa anthu oigwiritsa ntchito. Anatchulaponso pulogalamu ina yotere, ERPNext ya ku India, koma anati iwo dzanja lawo linazolowera Odoo, ndipo ndinakonda kuti ananena zoona m'malo monamizira kudziwa zonse. Tinasankha Community pa chifukwa chimodzi chomwe wamalonda aliyense m'Malawi muno akuchidziwa: laisensi yolipira ndi ndalama zakunja chaka ndi chaka ndi katundu wolemera. Madola sapezeka mwachisawawa, ndipo ochepa amene tingawapeze timafuna apite ku katundu wa m'sitolo. Zina zimene Community ilibe, makamaka mbali ya malipoti a maakaunti, anazitenga ku ma module (zigawo zowonjezera pa pulogalamu) aulere a bungwe la Odoo Community Association n'kuziphatikizamo.

Chinthu choyamba chimene anachita sichinali cha pakompyuta ayi. Mtsikana uja anapempha mpando, n'kukhala kuseri kwa kauntala masiku angapo akungoona ndi kulemba m'kope. Kenako anapita kumosungira katundu, n'kukweranso lole yathu mpaka ku Lunzu. Bambo poyamba sanasangalale nazo. Anamuuza kuti, “Mwana wanga, sitolo ino ndayendetsa ndi buku inu musanabadwe.” Iye anayankha kuti, “Zoona bambo, n'chifukwa chake ndikupempha kuti mundionetse bukulo, mundiphunzitse mmene mumalembera.” Anakhala nalo bukulo masana onse, bambo akumufotokozera tanthauzo la kachizindikiro kalikonse ka m'mphepete mwa tsamba. M'bukumo ndi mmene munachokera chinthu chachikulu kwambiri chimene anatikonzera, ndipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi chimenechi chinabweza ndalama zathu.

Ogulitsa zomangira nonse mukudziwa za kusungitsa. Munthu womanga nyumba ku Mpemba, ku Chileka kapena ku Machinjiri sapeza ndalama zonse tsiku limodzi. Akalandira malipiro, kapena akagawana za banki mkhonde mu December, amathamangira kuno kudzalipira matumba 40 a simenti ndi malata 30, koma satenga. Kunyumba alibe posunga, pamalo omangapo amaopa akuba, ndipo simenti akakhalitsa pachinyezi amauma. Choncho amatenga matumba asanu lero, khumi sabata yamawa, malata adzatenga khoma likafika pa lintala. Enanso ali ku Joni, amatumiza ndalama pa Mukuru kwa mlongo wawo, mlongoyo amadzalipira, koma wodzatenga katundu ndi mmisiri amene ife sitinamuonepo. Wolipira wina, mwini katundu wina, wotenga winanso. Mapulogalamu ambiri ogulitsira amaganiza kuti munthu akalipira amanyamula katundu wake nthawi yomweyo n'kutuluka. Kwathu kuno si mmene zilili, ndipo gawo lalikulu la malonda athu a simenti ndi malata limayenda mwa njira yosungitsayi.

Kuopsa kwake kuli apa. Tiyerekeze kuti mosungira muli matumba 600. Maso amaona 600, Excel imanena 600, koma 250 mwa amenewo ndi a eni ake, analipira kale. Kontirakitala akabwera ndi ndalama m'manja kufuna 500, wogulitsa pakauntala sangatsegule buku n'kuyamba kuwonkhetsa masamba khumi, amangogulitsa. Mawa lake mwini simenti akabwera, timayenera kukagula wina pa mtengo wa tsikulo kuti timupatse. Mitengo ikakhala yokhazikika, kutayako n'kochepa. Koma mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700, pamwamba pa kugwa kwa 25 peresenti kwa mu May 2022. Tsiku limenelo aliyense wosungitsa anakumbukira katundu wake. Bambo analamula kuti aliyense alandire zake zonse mosachotsera, chifukwa dzina la sitolo ndi limenelo, ndipo tinachitadi choncho, koma tinatuluka magazi. Buku linali ndi zonse molondola. Chimene linkalephera ndi kutiuza msangamsanga, kasitomala ataima pakauntala, kuti katundu wathu weniweni ndi wochuluka bwanji.

Odoo payokha imatha kale kulola kuti katundu wa oda imodzi aperekedwe pang'onopang'ono, ndipo iwo anatiuza zimenezo poyera. Chimene anamanga pamwamba pake ndi ichi. Wogulitsa akasankha simenti, pasikirini pamaoneka manambala awiri, ochuluka onse ndi amene tingagulitse, ndipo pulogalamu siilola kudutsa nambala yachiwiriyo pokhapokha ine kapena bambo titavomereza ndi pasiwedi. Kasitomala aliyense wosungitsa ali ndi tsamba lake looneka pafupifupi ngati la m'buku la bambo: tsiku lolipira, zomwe analipira, zomwe watenga, amene anatenga, zotsala. Pa tsamba lomwelo timalembapo mayina ndi manambala a foni a anthu amene mwini katundu wawaloleza kutenga. Munthu amene sali pamndandandawo sapatsidwa ngakhale thumba limodzi mpaka titaimbira mwiniwake. Katundu akangotuluka pageti, mwini amalandira uthenga pafoni womuuza zomwe zatengedwa ndi zomwe zatsala. Mayi wina amene mwamuna wake ali ku Cape Town anatulukira chifukwa cha uthengawu kuti mmisiri wake ankatenga matumba ochuluka kuposa amene ankafika pamalo omangapo. Anabwera kudzathokoza, ndipo anatibweretsera achibale ake awiri omanga.

Anaikamonso kachenjezo ka simenti wosungitsidwa amene wakhala nthawi yaitali. Simenti safunika kudutsa miyezi itatu ali m'thumba, choncho mosungira timatulutsa wakale poyamba, ndipo pulogalamu imandionetsa mayina a anthu oti ndiwakumbutse. Nyengo ya mvula mndandanda umenewu ndimauyang'ana Lolemba lililonse.

Chachiwiri ndi miyezo. Misomali timagula m'mabokosi koma timagulitsa pa kilogalamu, nthawi zina theka. Waya wamagetsi amabwera m'mipukutu ya mamita 100 koma munthu amafuna mamita 17. Chitsulo cha Y12 chimabwera cha mamita 12, wina amafuna tidule pakati. Malata wamba anthu amawatchula m'mafiti ndi geji, 10 fiti 28 geji, pomwe a IBR amayezedwa m'mamita. Apa sanalembe zatsopano zambiri, popeza Odoo imatha kusintha miyezo, koma anagwira ntchito yotopetsa yokhala pansi ndi mkulu wathu wosunga katundu, amene iwo ankamutcha ankolo, n'kudutsa katundu yense mmodzimmodzi. Msomali wa mainchi anayi unali ndi mayina atatu mu Excel, malinga ndi amene analemba tsiku limenelo. Anawaphatikiza, ndipo anakonza kuti wogulitsa akalemba “msomali 4” kapena “nails 4” apeze chinthu chomwecho. Ankolo anawauza kuti bokosi la misomali silikwana ndendende kulemera kolembedwa pachikuto ukaligulitsa pang'onopang'ono pasikelo, ndipo anaikamo malire a kuperewera kovomerezeka kuti mnyamata wa pasikelo asamanamiziridwe kuba pa magalamu ochepa. Zimenezi sizinali mu kotesheni. Anazimva kwa ankolo n'kuzichita.

Pa kalipiridwe anachita kanthu kakang'ono koma kanzeru. Masiku ano makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money, pa Mpamba, kapena kusamutsa ndalama pa foni kuchokera ku banki, ena theka pamanja theka pafoni. Ndinkafuna kuti pulogalamu izilumikizana yokha ndi onsewa, koma anandiwerengera mtengo ndi nthawi yake n'kundilangiza kuti tidikire kaye. M'malo mwake anaika malo okakamiza kulembapo nambala ya umboni wa malipiro, ndipo nambala imodzi siingalowe kawiri, kaya ku Limbe kaya ku Lunzu. Amene munaonetsedwapo uthenga wakale pafoni ya munthu ngati kuti ndi wa lero mukudziwa phindu lake. Madzulo kashiyala akamatseka, lipoti limagawa ndalama zapamanja padera, za Airtel Money padera, za Mpamba padera, za banki padera, ndipo ndimangoyerekeza ndi zomwe zili pa mafoni a sitolo. Ntchito imene inkanditengera madzulo onse pano ndimamaliza tiyi asanazizire.

Ngongole za makontirakitala ndi masukulu nazo zinalowa bwino. Aliyense ali ndi malire ake, ndipo akadutsa kapena akachedwa kulipira, pulogalamu imakana kutulutsa katundu wina mpaka wamkulu atavomereza. Izi zinachotsa mtolo pamutu pa ana a pakauntala, amene ankavutika kukaniza munthu wamkulu woyenda pa galimoto. Pano amangoti, “Pepani abwana, makina akana, muonane ndi amayi muofesi.” Mbali ya withholding tax, msonkho umene wogula amadula potilipira, anaimvetsa pambuyo poti ndawafotokozera ndi mapepala enieni. Bungwe likagula katundu wa K1,000,000, VAT isanaikidwepo, limadula 3 peresenti, yomwe ndi K30,000, n'kutipatsa satifiketi m'malo mwa ndalamazo. Kale ma K30,000 oterewa ankangokhala m'mabuku ngati ngongole yosalipidwa. Pano ali ndi akaunti yawoyawo, ndipo ndili ndi mndandanda wa mabungwe amene sanatipatsebe satifiketi, zomwe zimandithandiza kwambiri nthawi yolemba za msonkho pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA.

Chimene chinandipangitsa kuwakhulupirira kwambiri ndi zinthu zimene anakana. Bambo ankafuna batani lofufutira lisiti lolakwika, monga mmene amakhwatchira m'buku. Mtsikana uja anakana mwaulemu koma osagwedezeka. “Bambo, batani limenelo ndikaliika, silidzadziwa kuti wakanikiza ndinu kapena munthu wina amene waona pasiwedi yanu. Lisiti lolakwika tizilibweza, zonse ziwiri zizioneka.” Bambo anang'ung'udza masiku angapo, koma lero ndi iwo amene amawerenga lipoti la zobwezedwa m'mawa uliwonse. Alamu anga ankafuna apu yoti makasitomala azioda pafoni. Anawauza kuti tiyambe taona ngati manambala a katundu akhala olondola kwa miyezi ingapo. Ine ndinapempha kuti andikonzere njira yogawira ndalama za thiransipoti, kasitomu ndi kiliyaring'i ejenti pa katundu wochokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, kuti ndidziwe mtengo weniweni wa loko aliyense akafika pashelefu. Ndinali wokonzeka kulipira. Anandiuza kuti zimenezo zilimo kale mu Odoo, n'kungoyatsa, ndipo sanandilipiritse. Munthu wadyera akanalemba pa invoisi ine osadziwa.

Chifukwa chokanira anachifotokoza bwino, ndipo ndikufuna aliyense woganiza zosinthitsa pulogalamu achimve. Odoo imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse. Chilichonse chimene mwawonjezeramo mwa inu nokha chimafunika kukonzedwanso tsiku limene mudzasamukire ku mtundu watsopanowo, ndipo wolipira ndinu. Chosintha chilichonse chili ngati mbuzi: kugula n'kamodzi, koma kudyetsa n'kwa masiku onse. Choncho anatigawira zopempha zathu pawiri, zimene bizinesi singayende popanda izo, monga kusungitsa kuja, ndi zimene zinali chizolowezi chabe chomwe ife tingasinthe. Pa zachiwirizi, ife ndi amene tinasintha. Mwachitsanzo katundu wopita ku Lunzu kale ankangokwezedwa ndi kakalata. Pano lole siinyamuka popanda pepala lotuluka m'pulogalamu, ndipo alamu akalandira amawerenga n'kuvomereza komweko.

Za magetsi ndi netiweki anaziganizira monga anthu okhala mu Blantyre momwemuno. Seva, kompyuta yaikulu imene pulogalamuyi imakhalamo, ili muofesi mwathu, pa invata ndi mabatire, kotero magetsi akazima kauntala ya ku Limbe imagwirabe. Ku Lunzu amalowa kudzera pa intaneti, ndipo netiweki ikadukaduka mbali yogulitsira imapitiriza kulandira malonda n'kuwatumiza ikabwerera. Chokhacho n'chakuti nthawi imeneyo katundu wosungitsa saperekedwa ku Lunzu, chifukwa sangatsimikize zotsala, ndipo makasitomala ena amakwiya nazo. Usiku uliwonse zonse zimakoperedwa kumalo ena kunja kwa sitolo. Amene tinaona mmene madzi a Freddy analowera m'nyumba ndi m'masitolo mu March 2023 sitifunika kuuzidwa chifukwa chake. Ndinawapempha kuti andionetse ndi maso kuti zokoperazo zimabwereradi, ndipo anazitsegula pa laputopu ina ine ndikuona.

Tsopano zondidandaulitsa. Mbali ya malipiro a antchito ndi imene inafooka kwambiri. Anachedwa nayo kupitirira tsiku lomwe analonjeza, ndipo itafika, penshoni ya 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito inali bwino, TEVET levy ya 1 peresenti inalinso bwino, koma magawo a PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, anawalemba mkati mwenimweni mwa pulogalamu momwe ine sindingafikemo. Aliyense wolemba mabuku akudziwa kuti magawo amenewa amasintha ndi bajeti ya boma. Atasintha, ndinachita kuwaimbira, iwo ali otanganidwa ndi kasitomala wina ku Lilongwe, pomwe PAYE imafunika kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mwezi umenewo ndinawerengera pamanja. Pambuyo pake anakonza kuti magawowo akhale patebulo loti ndingasinthe ndekha, koma anafuna kundilipiritsa ngati ntchito yatsopano. Tinakangana, ndipo anagonja. Chodabwitsa n'chakuti VAT anaichita bwino kuyambira pachiyambi: 16.5 peresenti imene tinaizolowera zaka zambiri anaiika poti ndingaisinthe ndekha tsiku lililonse boma litasintha. Nzeru yomweyo inangosowa pa PAYE.

Maphunziro a antchito anali othamanga. Anatisonkhanitsa Loweruka masana titatseka, anthu atatopa, n'kuonetsa zonse nthawi imodzi pa sikirini imodzi. Kabuku kamene anatisiyira kanali ka Chingerezi chokhachokha, kodzaza ndi mawu a anthu a makompyuta. Ankolo, amene amadziwa katundu wathu kuposa wina aliyense, anakhala chete tsiku lonse, ndipo Lolemba anabwera ndi kope lawo lakale m'thumba. Zinandipweteka, chifukwa munthu amene anawathandiza kwambiri kukonza pulogalamuyo ndi amene anamusiya m'mbuyo. Ndinakhala nawo pansi ndekha madzulo angapo, tinalemba masitepe a kulandira ndi kutulutsa katundu m'Chichewa pa pepala limodzi, n'kulimata pakhoma pafupi ndi kompyuta ya mosungira. Pano amagwiritsa ntchito bwinobwino, ndipo ndi iwo amene amagwira zolakwa za anyamata. Koma imeneyi inali ntchito ya kampaniyo. Mukamapangana nawo, lembani kuti maphunziro achitike pamalo a ntchito a munthu aliyense, m'chiyankhulo chimene amamva, komanso kuti wina wa iwo akhale nanu m'sitolo sabata yoyamba yonse.

Thandizo lawo pambuyo pa ntchito ndi la pakatikati. Pakati pa mwezi ukalemba pa WhatsApp amayankha msanga. Kumapeto kwa mwezi, pamene makasitomala awo onse akutseka mabuku ndipo VAT ikudikira pa 25, foni imangoitana. Vuto lenileni n'lakuti zambiri za pulogalamu yathu zili m'mutu mwa mtsikana mmodzi uja. Atapita kumaliro kumudzi, pirinta ya malisiti inasiya kulumikizana ndi kauntala, ndipo mnyamata amene anabwera anatha theka la tsiku akungofufuza mmene mnzake anakonzera. Sindikumuimba mlandu mnyamatayo, ndipo maliro ndi maliro. Koma kampani yofuna kusamalira mabizinesi a anthu iyenera kulemba zimene yachita kuti aliyense wa iwo athe kupitiriza. Ndinawauza zimenezi maso ndi maso, ndipo anavomera kuti n'zoona.

Pa ndalama, tinalipira magawo atatu: poyamba, pamene anationetsa pulogalamu ikugwira ndi katundu wathu weniweni, ndi pomaliza titagwiritsa ntchito mwezi wathunthu. Gawo lomalizalo musalole kulipereka msanga, chifukwa zolakwika zenizeni zimaoneka potseka mwezi woyamba. Kotesheni yawo sinatchule momveka za mtengo wa mauthenga a pafoni opita kwa osungitsa, malo okoperako zinthu usiku, ndi malipiro a thandizo la pachaka. Zonsezi ndi zolipira zoyenera, ndipo si zodula kwambiri, koma zinabwera pambuyo ngati zadzidzidzi, ndipo bambo anatsala pang'ono kutaya chikhulupiriro. Funsaninso za malisiti a MRA musanayambe. Makina a EFD takhala nawo kuyambira 2014, ndipo MRA yabweretsa njira yatsopano ya EIS yoti ilowe m'malo mwake. Ngati pulogalamu yanu siilumikizana ndi njira ya MRA, kashiyala azilemba malonda amodzi kawiri, ndipo pamene pali kulemba kawiri pamakhala kusiyana kwa manambala. Kwa ife mbali imeneyi sinali mu mgwirizano woyamba, inabwera ngati ntchito yapadera ya mtengo wakewake. Wofuna kuyamba lero aiike pa tsamba loyamba.

Chimodzi chimene ndinaumirira, ndipo iwo sanavute nacho, ndi umwini. Mumgwirizano munalembedwa kuti zonse zimene atilembera ndi zathu, pamodzi ndi pasiwedi yaikulu ya seva ndi ya database, momwe mumasungidwa mbiri yonse ya bizinesi. Anandipatsa zonsezo pa fulashi ndi papepala, ndipo zili m'sefa yosungira ndalama. Achinyamata aluso ngati awa mawa akhoza kupeza ntchito kunja, kapena kampani ikhoza kutha. Popeza Odoo imalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python ndipo imasunga zinthu mu database ya PostgreSQL, zomwe anthu ambiri a makompyuta amazidziwa, munthu wina angathe kupitiriza pamene iwo asiyira. Mnzanga wina wa sitolo ya zida za galimoto anakonzeredwa pulogalamu ndi munthu amene anasunga makiyi onse yekha, ndipo atasemphana, anatsala ndi kompyuta yodzaza ndi mbiri ya bizinesi yake imene sangaitsegule.

Kodi ndi ya aliyense? Ayi. Ngati muli ndi sitolo imodzi, mumakhala pakauntala nokha, ndipo simusungitsa kapena kukongoza, pulogalamu yogula yokonzeka kale ikukwanirani, musataye ndalama. Koma ngati muli ndi nthambi, katundu wa eni ake ali m'manja mwanu, ndipo mumagona mukuganiza ngati manambala a mosungira ndi oona, anthu ngati awa ndi oyenera kuwaitana. Muwaweruze ndi mafunso amene akufunsani tsiku loyamba. Amene afika ndi laputopu n'kuyamba kukuonetsani zithunzi zokongola asanaone mosungira katundu wanu, muuzeni kuti mudzamuimbira.

Ife pakadali pano tikukambirana nawo za mgwirizano wa chaka chachiwiri. Ndaikamo kuti kuyambira pa 25 mpaka pa 14 mwezi wotsatira pazikhala munthu wodziwika woyankha foni yathu tsiku lomwelo, kuti zonse zimene anasintha zilembedwe m'kabuku koti mnzawo aliyense angawerenge, komanso kuti atiuze mtengo wosamukira ku mtundu watsopano wa Odoo chaka chisanathe, kuti tiuike mu bajeti. Ziwiri zoyambazo avomera. Pa chachitatu akuti awerengere kaye, ndipo sindisayina mpaka nambalayo itabwera.